Dzanja la Che Saidi ndi Magetsi Onamizira

Tadala ndi Mphatso, ana anga, pamodzi ndi adzukulu amene mudzawerenge izi ine nditapita kukavuta a kumwamba: mwakhala mukuuza anzanu kuti mayi anu anali nesi ku Joni. Sindinali nesi. Kuyambira 2009 mpaka 2019, pamene maondo anandibweza kuno ku Balaka, ndinali munthu wolembedwa ntchito yonamiza odwala, eni akewo atavomera okha kunamizidwa. Palibe ntchito ina pansi pano imene ikanandiyenera chonchi. Mukudziwa kale zimene anandibwezera kunyumba ndili Fomu 3. Ndinavala duku ndi magalasi a matironi, n'kukalengeza ku hositelo ya a Fomu 1 kuti mawa aliyense afike ku asembule atasenza matiresi ake kuti akayezedwe. Anafikadi, mumzere, ngati nyerere zasenza masamba. Sindinapepese nthawi imeneyo, ndipo musayembekezere kuti ndiyambira pa ukalamba uno.

2009

Ndinafika ku Cape Town bambo anu atamwalira, inu nditakusiyani kwa azakhali anu. Miyezi yoyamba ndinkaluka tsitsi mu kontena ku Philippi, mphepo ikulowetsa mchenga m'mano. Tsiku lina kasitomala wanga, mayi wachiXhosa amene ankakolopa pa chipatala china chophunzitsirapo madokotala, anandiuza kuti kuchipatalako, m'zipinda za m'mwamba, kuli azungu ofufuza za ubongo amene tsitsi lawagonjetsa. Akufuna munthu wodziwa mutu wa munthu wakuda, wolankhulanso Chingerezi. Ndinavala siketi ya ku tchalitchi n'kupita.

Amene anandilandira anali a Dokotala Riana, mzimayi wachiAfrikaans wamtali, woonda, amene ankadya apulo akuyenda, akulankhula, mwinanso akugona. Anandionetsa kabokosi kakang'ono ngati wayilesi ya m'manja, koyendera batire, kali ndi mawaya awiri othera ku timasiponji. Anati munthu akadwala sitiroko, dzanja limafooka chifukwa mbali ya ubongo yolilamulira yavulala. Iwo ankafuna kuona ngati timagetsi tochepa, todutsa pakhungu la mutu, tingathandize ubongo kuphunziranso pamene wodwala akuchita mafizo. Osaboola, osang'amba. Kungoviika masiponji m'madzi amchere, kuwamangirira pamutu ndi lamba wa labala, basi. Koma siponji iyenera kukhudza khungu, ndipo ana asukulu awo ankangothira madzi mutu wonse, amayi oluka mesh n'kumachoka atakwiya, bulauzi itanyowa. Ndinatulutsa chipeso changa cha mchira, n'kugawa tsitsi la mayi wokolopa uja bwinobwino osamasula nkhosi ngakhale imodzi.

Kenako anandifunsa funso limene linakhala ntchito yanga yonse. "Esnart, dzanja la munthu likayamba kusuntha, tidziwa bwanji kuti ndi magetsi?"

Ndinati ndiye tiyerekeze ndi amene sanabwere kuno.

"Ayi," anatero akutafuna. "Wobwera kuno timamupatsa tiyi, timamugwira mutu, amachita mafizo, amapita kwawo ali ndi chiyembekezo. Ameneyo apezako bwino ngakhale kabokosika kakhale kopanda batire. Kumuyerekeza ndi munthu wongokhala pakhomo n'kudzinamiza tokha. Tikufuna gulu lachiwiri lolandira zonsezo, tiyi, lamba, mafizo, kupatula magetsi okha."

Vuto linali lakuti magetsi enieni amayabwa poyamba, ngati tinyerere tikuyenda pamutu, kenako khungu limazolowera. Ndiye kwa gulu lachiwiri kabokosi kankayaka pang'ono kuti munthu amve kuyabwako, n'kuzima mwakachetechete, iye n'kumaganiza kuti wangozolowera. Amenewo ndiwo ndinawatcha magetsi onamizira. Aliyense ankauzidwa asanayambe kuti ena alandira enieni, ena onamizira, kuti wosankha ndi kompyuta, ndipo sadzauzidwa mpaka pamapeto. Wofuna ankavomera, wosafuna ankapita kwawo popanda mlandu.

"Amene ukudina batani ndiwe, ndiye uzidziwa," anatero a Dokotala. "Chimene ndikufuna ndi nkhope yosaulula. Uli nayo?"

Ndinawafotokozera za matiresi. Anaseka mpaka apulo anawatsamwa. Lolemba lake ndinayamba ntchito.

2010 mpaka 2012

Ndinkadzuka kudakali mdima, kukwera takisi ku Philippi, kusintha ina, kufika kuchipatala manja atauma ndi kuzizira. Mnzanga wa m'chipinda anali Lunga, bambo wachiXhosa wa ku Langa amene ankasamalira makina ndi kompyuta. Ndiye ankandinong'oneza m'mawa kuti uyu enieni, uyu onamizira. Munthu wabwino, koma wokhulupirira msanga. Sabata yake yoyamba kundidziwa ndinamuuza kuti kwathu ku Malawi munthu wamkulu ukamupatsa moni umayenera kulira ngati nkhunda katatu. Anachitadi zimenezo kwa abusa ena a ku Zomba amene anabwera kudzaona wodwala. Abusa aja anamuyang'ana, n'kumupempherera pomwepo. Lunga anandikwiyira mpaka lanchi yokha.

Zosowa zinalipo. Masiponji ankachokera kunja kwa nyanja ndipo ankachedwa miyezi, ndiye tinkawachapa n'kuwayanika pawindo ngati matewera. Sitima zikaima kapena oyendetsa matakisi akanyanyala, odwala sankafika, a Dokotala n'kumangozungulira m'khonde ngati nkhuku yofuna poikira. Sanali bwana wokalipa. Akakwiya ankangoti "Ag, nee," ndiye kuti "Aa, ayi" m'chinenero chawo, n'kukhala chete, ndipo kuti zii kwawoko kunkaposa kukalipa.

Ine ndinkanyadira luso langa. Wodwala akakhala wa magetsi enieni ndinalibe chobisa, ndiye ndinkamasuka: kumuseka, kumuimbira za kwaya, kumufunsa za apongozi ake, iye akutola nyemba m'mbale ndi dzanja lodwalalo. Akakhala wa onamizira, pamenepo ndiye ndinkagwira ntchito. Ndinkaima njo pafupi ndi kabokosi, maso pa kagalasi kake, nkhope yolimba ngati ndikulondera chinthu choopsa, kuti asakayike ngakhale pang'ono. Ndinkadziuza kuti mu Cape Town monse mulibe wonamiza wondiposa.

2013

Che Saidi anabwera nyengo yozizira itangoyamba. Anali a ku Ntaja, ku Machinga, bambo achikulire ndithu, Asilamu, okhala ku Masiphumelele, kumene timangoti ku Masi. Ankasamalira maluwa ndi mpanda pa nyumba ya azungu ena okalamba ku Noordhoek, ndipo sitiroko inawagwetsa ali ndi sizasi ya mpanda m'manja. Mwendo unabwerera, pakamwa panawongoka, koma dzanja lamanja linapinda zala ngati phazi la nkhuku yakufa. Ankalibisa m'thumba la jekete. Nditawapatsa moni wa kwathu anadzidzimuka, maso n'kuwala, koma dzanja sanatulutse. Anangowerama.

Atavula chikofiya chawo ndinaona dazi lonyezimira. "Achimwene," ndinatero, "mutu wanuwu mwandisungira ntchito. Pano chipeso chipuma."

"Chemwali, tsitsi linathawa mavuto a ku Joni. Linali lanzeru kuposa mwini wake."

Anandifotokozera mmene zinthu zinalili. Abwana awo anati awasungira ntchito mpaka Sepitembala, pamene mvula imatha ndipo zomera zimafuna dzanja. Pa nthawiyo mnzawo wa ku Zimbabwe ankagwirizira. Sepitembala akadutsa dzanja lisanagwire sizasi, ntchito yapita, ndipo ndi ntchito imeneyo imene inkaphunzitsa ana awo kumudzi. Koma chimene chinkawadya kwambiri anachinena motsitsa mawu. Chidwalireni sanadyepo ndi anzawo. Amuna a ku Masi amadya pamodzi mbale imodzi akachoka ku mzikiti, ndipo iwo sakanapisa dzanja lamanzere, dzanja la kuchimbudzi, m'mbale ya anthu. Anzawo ankati palibe kanthu, wodwala alibe mlandu, koma iwo ankatenga chakudya chawo n'kukadyera kuseri kwa nyumba.

M'mawa wotsatira Lunga anandinong'oneza kuti a ku Machinga aja ndi onamizira. Ndinati ntchito ndi ntchito. Ndinavala nkhope yanga ija.

Patapita masabata angapo ndinawapeza akundidikira pokwerera matakisi, kunja kwa geti, mvula ikuwaza.

"Chemwali, taimani kaye. Ndili ndi funso la umbuli."

"Funsani, achimwene."

"Mayi aja a ku Gugulethu amene amalowa ine ndisanalowe, mukakhala nawo chipinda chonse chimamveka phwete. Mpaka nyimbo. Ine ndikalowa mumakhala ngati mukusambitsa maliro. Ndinakulakwirani?"

"Iyayi. Ndi ulemu chabe. Inu ndinu aakulu."

"Tsiku loyamba munandiseka dazi. Ulemuwo unali utapita kumsika?"

Ndinayesa kuseka, koma sizinatuluke bwino.

"Ndisanabwere kuno ndinagulitsa nsomba pa Liwonde zaka zambiri," anapitiriza. "Wogulitsa nsomba ya lero amacheza, amakutukwana, amakuuza kuti pita ukagule kwina. Wogulitsa ya dzana saseka. Amaima chilili ngati msilikali, kuopa kuti unganunkhize. Inu mukundigulitsa ya dzana."

"Sindiloledwa kunena kuti muli gulu liti. Munavomera nokha."

"Ndinavomera, eya. Ndipo simunanene. Nkhope yanu ndiyo yalankhula." Anayang'ana uku ndi uku, n'kusendera pafupi. "Sindikupemphani chovuta. Chala chanu chokha, pa batani linalo. Adziwa ndani? Mzungu uja amakhala muofesi. Chemwali, kuno tonse tinabwera pamsana pa wakwathu. Anakulandirani pa basi ndani? Anakupezerani pogona ndani? Lero wakwanu wagwa, batani lili pa chala chanu, ndiye mukuti malamulo?"

Ana anga, muyenera kumvetsa kulemera kwa mawu amenewo. Ku Joni kulibe boma lako, kulibe mfumu, kulibe malume. Kuli wakwanu basi. Ine amene anandilandira pa basi anali mayi wa ku Mangochi amene sindinkamudziwa n'komwe, anangomva kuti kukubwera wamasiye wa ku Balaka. Anandigoneka pamphasa pake mwezi wathunthu. Munthu akadwala tinkasonkha, akamwalira tinkasonkha kuti thupi lipite kumudzi. Ukamva kuti pali ntchito, sunkafunsa kuti wodziwa ndani, unkafunsa kuti wakwathu ndani. Kukaniza wakwanu chinthu chimene chili m'manja mwako unali ufiti.

Tsiku lawo lotsatira Lunga anali atapita kukatenga mabatire kumunsi. M'chipinda tinali awiri, ndi mtsikana wa mafizo amene ankakonza nyemba zake patebulo, osayang'ana kwa ife. Ndinaviika masiponji, ndinamanga lamba, siponji imodzi kumanzere kwa dazi pamene pamalamulira dzanja lamanja, ina pamphumi. Che Saidi anandiyang'ana m'maso osaphethira. Chala changa chinali pakati pa mabatani awiri, ndipo ndikukuuzani zoona, kusinthako kunali kophweka kuposa kuba shuga.

Chimene chinandigwira dzanja sichinali mantha. Ine mantha a bwana sindinabadwe nawo. Choyamba ndinaganiza kuti enieniwo palibe amene ankadziwa ngati amachiritsa, ngakhale a Dokotala. N'chifukwa chake tonse tinali pamenepo. Ndikawapatsa mwakuba, dzanja n'kusuntha, a Dokotala adzawerenga kuti onamizira achiritsa chimodzimodzi, n'kutaya chinthu chimene mwina chikanathandiza anthu ambirimbiri. Chachiwiri n'chakuti ife ochita zachibwana tili ndi lamulo lathu. Sewero labwino limathera poyera, onse n'kudziwa amene wachita, wopusitsidwa n'kukuthamangitsa, mawa n'kumaseka limodzi. Ili silikanathera poyera. Likanapusitsa anthu amene sindidzawaona, odwala a zaka zakutsogolo, ndipo palibe akanaseka.

Ndinadina lomwe ndinkadina masiku onse. Titamaliza, mtsikana uja atatuluka, ndinawauza ndikumasula lamba. "Achimwene, sindinasinthe kanthu, ndipo sindidzasintha. Ndisakunamizeni kawiri."

Anavala chikofiya ndi dzanja lamanzere, pang'onopang'ono. "Wakwathu wa chiyani," anatero, osakweza mawu. Anatuluka osatsanzika, ndipo sabata yotsatira sanabwere.

Ndikanatha kukhala chete pamenepo. Koma ngati wogulitsa nsomba anandiwerenga, enawo bwanji? Ndinagogoda kwa a Dokotala ndikudziwa kuti mwina ndikugogoda pa chitseko chotulukira ntchito, popeza chimene anandilembera chinali nkhope, ndipo nkhopeyo inali itaboola. Ndinafotokoza zonse, ndi pempho la Che Saidi lomwe. Anaika apulo patebulo. "Ag, nee," anatero. Kenako anaimirira. "Tiye tione."

Anakhazika Lunga pampando wa odwala. Anaitana ana asukulu, mayi wokolopa uja, ndi mlonda wa pakhomo, n'kuwaimika pachitseko. Ankandinong'oneza batani loti ndidine, ine n'kumachita monga mwa masiku onse, oonererawo n'kumanena chimene akuganiza. Ndinayesetsa, ana anga. Ndinatulutsa luso langa lonse la kusekondale. Anandigwira ulendo uliwonse. Mlonda, amene sankadziwa n'komwe kuti kabokosi n'kachiyani, anati, "Apa sisiyu akubisa kanthu, taonani khosi lauma." Lunga anaseka mpaka siponji inagwa. "Hayi, Sisi Esi! Zaka zonsezi ukudzitama!" Inenso ndinaseka, chifukwa sewero likakutembenukira umayenera kuvomereza kuti lakoma.

A Dokotala okha sanaseke. Pamenepo panali ntchito yawo ya zaka zinayi. Anaimbira foni odwala akale mmodzimmodzi, kuwafunsa kuti akuganiza kuti anali gulu liti. Ambiri ankadziwa. Ena anawerenga ine, ena ankafunsana m'takisi pobwerera kuti kwa iwe kuyabwa kumatha msanga bwanji. Madzulo ake anandiitana. Ndinali nditalongedza kale chipeso changa.

"Khala pansi, Esnart. Wolakwa woyamba ndine. Ndinakusenzetsa chinsinsi n'kumayembekezera kuti thupi lako silidzachinena. Palibe munthu angathe zimenezo. Gulu loyerekezera likadziwa kuti ndi loyerekezera, silikuyerekezeranso kanthu. Wodziwa kuti walandira zabodza amataya mtima, satola nyemba ndi khama. Kusiyana kumene timakuona mwina si magetsi, mwina ndi nyimbo zako."

Anaimitsa kafukufuku yense.

2014

Kuyambiranso kunatenga nthawi, ndi mikangano yomwe. Panabwera kabokosi katsopano kopanda mabatani awiri aja. Ndinkangolembamo nambala ya wodwala, kabokosi n'kusankha kokha mkati mwake, kagalasi n'kumaonetsa zofanana kwa onse. Ine sindinkadziwa, Lunga sankadziwa, a mafizo sankadziwa. Odwala anawapatsa nthawi zotalikirana kuti asamakumane pabenchi. A Dokotala anawonjezanso gulu lachitatu, lolandira magetsi enieni koma kunkhongo, pamalo posalamulira dzanja. Dokotala wina wachinyamata anakana kwambiri, akuti odwala ndi ochepa kale, kuwagawa patatu n'kuwononga. A Riana anamuyankha kuti popanda gulu limenelo sadzadziwa ngati chothandiza ndi malo amene akuwalozawo, kapena kungoyabwa kwenikweni kwa nthawi yonse paliponse pamutu. Anakangana sabata yathunthu m'Chiafrikaans, ine ndikumva "nee" yekha. Pamapeto pa wodwala aliyense ankamufunsa kuti akuganiza kuti anali gulu liti, n'kundifunsanso ine. Ndinkaphonya ngati wolosera mvula. Sindinasangalalepo ndi umbuli ngati nthawi imeneyo, chifukwa tsopano aliyense ndinkamuimbira, aliyense ndinkamuseka, khosi lili lofewa.

Koma panali Che Saidi. A Dokotala anapempha komiti yoona za ufulu wa odwala kuti onse amene analandira onamizira m'kafukufuku wakale apatsidwe enieni poyera, akafuna. Komiti sithamanga. Ine ndinkawakumbutsa tsiku lililonse, ndipo nditaona kuti mawu sakukwana ndinayamba kubisa maapulo awo. Ankalowa m'chipinda n'kuti, "Esnart, ali kuti?" Ine n'kuti, "Akomiti atenga. Aimbireni." Ankaimbadi. Komabe Sepitembala wa 2013 anafika n'kudutsa chilolezo chisanatuluke. Azungu a ku Noordhoek anadikirako pang'ono, kenako anapatsa ntchito munthu wa ku Zimbabwe uja. Sindiwaimba mlandu; mpanda sudikira.

Nkhani inayenda kuchokera ku Masi kukafika ku Philippi, yakuti Esnart wasanduka mzungu, anakaniza wakwawo mankhwala ali m'manja. Amayi amene ndinkawaluka Loweruka anayamba kupita kwina. Pa maliro ena ndinapereka moni kwa mayi wa ku Mangochi uja amene anandigoneka pamphasa pake, anandiyankha akuyang'ana kumbali. Zimenezo zinandipweteka kuposa kubwezedwa kusukulu.

Chilolezo chitatuluka ndinakwera sitima mpaka ku Fish Hoek, takisi mpaka ku Masi, n'kufunsira nyumba yawo. Ndinawapeza atakhala pa kreti, akugulitsa tomato ndi anyezi pakathebulo, kupereka chenji ndi dzanja lamanzere.

"Ndabwera kudzakuitanani, achimwene. Enieni, poyera, a Dokotala avomera."

"Mwabwera mvula itatha."

"Eya."

"Mpanda uja akudula wina."

"Ndamva."

Anandisiya chiimire nthawi yaitali, akukonza tomato amene anali wokonzeka kale. Kenako anati, "Ndibwera. Osati chifukwa cha inu. Ramadhani ikubwera, ndatopa kumasulira kusala kudya kuseri kwa nyumba ngati wakuba."

Anabweradi, osajomba. Ndinkawaimbira, ndinkawaseka dazi, iwo osayankha, maso pa nyemba. Patatha mwezi zala zinayamba kutambasuka. Anayamba kugwira kapu, kenako supuni, kenako kunyema buledi. Mtsikana wa mafizo anabweretsa sizasi ya mpanda tsiku lina kuti ayese. Anaigwira, anafinya mpaka thukuta pa dazi, koma sinatseke. Ngati chinatambasula zalazo chinali magetsi, kapena mafizo, kapena ukali wawo pa ine, palibe anganene, popeza iwo ankadziwa chimene akulandira ndipo inenso ndinkadziwa. A Dokotala sanawawerengere m'gulu lililonse. Tsiku lomaliza anathokoza a Dokotala, anathokoza Lunga, anathokoza wa mafizo. Ine anandidutsa ngati chitseko.

2015

Chaka chimenecho magetsi a mumzinda ankazimazima, chikepe n'kuima, ife n'kumatsika ndi kabokosi kathu ka batire kukagwirira ntchito m'khonde la pansi, pafupi ndi windo. Ndili pamenepo tsiku lina ndinalandira uthenga kudzera mwa munthu wa ku Masi, wakuti Che Saidi akubwerera kumudzi Loweruka, ndipo akuti ndikafike pa basi ku Bellville. Ndinaganiza kuti akufuna kunditukwana komaliza pamaso pa anthu. Ndinati ndi ufulu wawo, ndipita.

Panali piringupiringu wa masiku onse: zikwama zamizeremizere, mafiriji okulungidwa m'mabulangete, njinga, anthu akutumiza mauthenga kwa abale. Che Saidi anali pakati pa anzawo a ku mzikiti, atavala mkanjo woyera. Atandiona anawasiya n'kubwera. Anatulutsa dzanja m'thumba, lamanja, n'kulitambasula kwa ine anthu onse akuona. Ndinalilandira nditagwira chigongono. Linali lopepuka, zala ziwiri zomalizira zidakali zopinda, koma chala chachikulu chinandifinya ndithu.

"Ndinakutukwanani, chemwali. M'Chiyao ndi m'Chichewa momwe."

"Zinandipeza zonse."

"Sindikubweza ngakhale liwu limodzi. Ntchito ija ndinkaikonda."

"Inenso sindikupepesa, achimwene."

"Ndikudziwa. N'chifukwa chake ndaitana inu." Analoza anzawo aja ndi chibwano. "Awa onse akandigwira dzanja amati Alhamdulillah, mwachira, mwachiriratu. Akazi anga pafoni akuti ndikafika ndikalima dimba lonse. Ndikufuna ndikwere basiyi ndikudziwa chimene ndanyamula. Mwaligwira. Tandiuzani, lafika pati?"

Ndinalifinya pang'ono, iwo n'kubweza mmene akanathera.

"Lafika pa mbale ndi pa moni," ndinatero. "Pa khasu ndi pa sizasi sindikuona kuti lidzafika. Musawalonjeze dimba."

Anayang'ana manja athu awiri. Kondakitala anayamba kukuwa kuti a ku Blantyre alowe.

"Mbale ndi moni," anabwereza. "Basi. Khasu agwire ana, ndinawaphunzitsira chiyani."

Anzawo anayamba kuwakankhira ku chitseko cha basi, koma iwo sanandisiye. Tinayenda choncho, chigwirire, kudutsa pakati pa zikwama ndi mafiriji, mpaka pa sitepe. Pamenepo anafunika dzanja loti agwirire chitsulo pokwera. Anayang'ana lamanzere, anayang'ana lamanja, n'kundisiya, n'kugwira chitsulocho ndi lamanja.